Khwisa wa Kumanda

Anthu akamakamba za chaka chimene mvula inadula pakati pa dzinja, ambiri amayambira pa mtengo wa ufa. Ine ndimayambira pa maliro a akazi anga, naPhiri, chifukwa njala ya pakhomo panga inalowera pamenepo. Anamwalira mu Seputembala atadwala miyezi inayi. Anthu anabwera ambiri: a mpingo, abale anga a ku Madzimoyo, ndi a m'midzi yozungulira ku Chiparamba komwe tinkakhala. Anagona masiku atatu ndipo onse anadya. Sindidandaula, ndi mmene timaikirana. Koma tsiku limene anabalalika ndinasuzumira m'nkhokwe, n'kuona kuti chimanga chimene chikanatifikitsa mu Malichi sichidutsa Khirisimasi.

Ndinali mkamwini. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinakhala pamudzi wa akazi anga, kulima munda wa mbumba yawo. Mkazi akamwalira, mkamwini amadikira kuti eni mbumba amusudzule, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo. Asanasudzulidwe sachoka, sakwatira, ndipo pa nkhani za pamudzi amangomvera. Mwini mbumba anali mlamu wanga Lakisoni, mlongo wa naPhiri, munthu wanthabwala amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukulu. Maliro atatha anandiuza kuti, "Alamu, musamange katundu. Limani kaye. Zosudzulana tidzakamba chimanga chili m'nkhokwe."

Ndinavomera mosavuta, chifukwa m'nyumba munali Misozi, mwana wathu wotsiriza, ali ndi pakati poyamba. Mwamuna wake, Yobe, anali atapita ku Mwami kukanyamula katundu wa amalonda pa malire. Miyezi yoyamba ankaimba foni. Kenako tinamva kuti anakwera thiraki ya ku Lusaka, ndipo foni yake inaleka kulira.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino pakati pa mwezi, ndipo mudzi wonse unathamangira kuminda. Ndinadzala ndekha, Misozi akundibweretsera madzi akumwa n'kukhala pamthunzi. Zaka zonse ine ndinkakumba mapando, naPhiri akubwera pambuyo kuponya mbewu ndi kukwirira ndi phazi. Dzanja langa silinazolowere ntchito yawoyo, choncho chimanga chinamera pena mothithikana, pena patalipatali. Mnansi wathu naBanda, msuweni wa akazi anga, anadutsa atasenza nkhuni n'kuima.

"Amuna anga," anatero, pakuti ankanditchula choncho mwa chisuweni ngakhale naPhiri ali moyo, "muno mwadzala ndinu, kapena nkhuku zimapalasa?"

"Chikadzacha mudzadya nawo, mayi."

"Kudya ndidzadya, koma kuseka ndiyambiretu."

Ndinaseka nawo. Kanali koyamba chiikireni maliro.

Disembala

Chimanga chinakula chobiriwira mpaka m'mawondo. Feteleza ndinali ndi thumba limodzi lokha, ndipo ndinathira ndi kachitsekero ka botolo kuti afike kumapeto kwa munda. Kutatsala sabata kuti Khirisimasi ikwane, Misozi anachira kuchipatala chaching'ono cha kudera kwathu. Anali mwana wamkazi, ndipo Lakisoni anamutcha Tadala. Koma Misozi anataya magazi ambiri. Tsiku lotuluka namwino anandiitana, n'kutsitsa chikope cha Misozi ndi chala kuti ndione. M'kati munali moyera ngati pepala.

"Ndinu bambo ake? Amayi ake ali kuti?"

"Anatisiya."

"Ndiye mverani inuyo. Mapiritsi awa amwe tsiku lililonse. Koma mapiritsi paokha sakwanira. Adye masamba obiriwira, nyemba, mazira, chiwindi mukachipeza. Akapanda kudya mkaka uuma, ndipo kamwana aka sikadziwa chakudya china."

Ndinagwedeza mutu pa chilichonse, ngati munthu amene ali nazo zonsezo kunyumba.

Januwale

Chaka chatsopano chitangolowa, mvula inaleka. Poyamba tinati ndi ng'amba ya masiku ochepa, yabwino kupalira. Patatha sabata ziwiri masamba a chimanga anayamba kupota masana ngati anyezi, n'kutambasuka m'mawa. Sabata yachinayi analeka kutambasuka. Mitambo inkasonkhana cha ku Malawi, kugunda pang'ono, n'kupita.

Nkhokwe yathu inatha monga ndinaonera. Pa mbuzi zitatu ndinagulitsa ziwiri, ndipo zinabweretsa chimanga chimene chaka chinacho mbuzi imodzi ikanagula. Pamsika wogulitsa ankasintha mtengo wa meda, kachitini koyezera kaja, iwe uli pamzere. Ukachipeza chimangacho, kuchigayo kulibe magetsi. Amayi ankasiya matumba pamzere n'kubwerera mawa lake. Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati chimanga chilipo m'mashedi ku Chipata, koma chikuwolokera ku Malawi panjinga kudzera m'njira za m'tchire. Ena ankati boma litumiza chaulere, ndipo tinalembetsa mayina kawiri. Ena ankati pali munthu amene wamanga mvula, n'kumayang'ana nkhalamba za m'mudzi ndi diso la m'mbali. Anyamata anatha mitengo kuotcha makala. Banja lina linazula malata a nyumba yawo n'kukagulitsa ku tauni, ponena kuti denga lilibe ntchito kumene sikugwa mvula.

Ife tinkadya kamodzi, dzuwa likapendeka. Ndiwo zinasowa kuposa ufa. Nkhwani unapsa, bonongwe anauma asanakule, ndipo kholowa wa kumadimba eni ake ankamulondera ndi zibonga. Mapiritsi aja Misozi akamwa m'mimba mopanda kanthu ankasanza. Tsiku lina anaima pa mtondo kuti akonole, anakweza munsi kawiri, n'kugwa chammbali. Nditamudzutsa anati, "Atate, m'mawere mulibe kanthu. Mwana akuyamwa mphepo."

Kulira kwa Tadala kunasintha. Sikunalinso kwaukali. Kanali kamawu kakang'ono, kolekeza panjira.

Ndi pamene ndinakumbukira khwisa. Achinyamata ambiri amangomudziwa ngati chitsamba choluma. Amakula mpaka m'chiuno, masamba ake ndi otambalala pansi, osongoka kunsonga, ndipo m'mphepete muli mano ngati a sowo. Tsinde ndi masamba omwe zili ndi ubweya woyera, ndipo ukangokhudza umamva ngati waponda linthumbu; khungu limatuluka zidzolo nthawi yomweyo. Koma ukamuviika m'madzi otentha ukali wonse umatha, amasanduka ndiwo zofewa zonunkhira dothi. NaPhiri ankamudziwa bwino. Atabereka Misozi yemweyo nawonso anataya magazi, ndipo amayi awo anawadyetsa khwisa wotendera mwezi wathunthu, ndi kuwamwetsa madzi ake ngati tiyi. Ankati amabwezera magazi ndi kutsitsa mkaka. Abambo okalamba ovutika pokodza ankamwanso madzi omwewo. Ine mawondo anga akauma ndi nyamakazi, naPhiri ankathyola nthambi yaiwisi n'kundikwapula nayo akuseka, ndipo moto wa pakhungu ukazirala, ululu wa m'kati unkachepa masiku angapo.

Ndinamufuna kuseri kwa makola a ng'ombe, pamadzala akale, m'mbali mwa mtsinje. Khwisa amakonda mthunzi ndi dothi lonyowa la manyowa. Konseko ndinangopeza timitengo touma.

Febuluwale

Kumayambiriro kwa mwezi kunagwa maliro a mkulu wina wa m'mudzi. Manda a kumeneko ali kumunsi kwa mudzi, m'msitu umene nkhwangwa siilowa, ndipo ngakhale chaka chimenecho m'kati mwake munali mozizira. Tikuyenda pambuyo pa bokosi, china chake chinandiotcha pamwendo, pamene buluku linang'ambika. Nditayang'ana pansi ndinaona khwisa wobiriwira, wonenepa, atadzaza pakati pa mitumbira mpaka kufupi ndi pamene tinagoneka naPhiri. Adzukulu okumba manda anali atamutchetcha kuti apeze njira, akumutukwana. Abusa ankalalikira, ine maso ali pansi.

Mawa lake ndinapita kwa Lakisoni. Ndinamupeza akumata chubu. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, n'kupempha chilolezo choti ndikathyoleko.

Anaika chubu pansi. "Alamu, mukudziwa chimene chanenepetsa masamba amenewo?"

"Mthunzi."

"Mthunzi! Amayi anga ali pamenepo. Mlongo wanga ali pamenepo, miyezi isanu yokha. Mukufuna mwana adye amake? Kumanda sitizula bowa, sititola ngakhale nkhuni. Inu mwakhala pano zaka zonsezi, mukulidziwa dzina la munthu amene amadya za kumanda."

"Ndikulidziwa."

"Ndiye simunandiuze, ndipo ine sindinamve. Tengani mazira awiri awa."

Sindinamuone ngati woipa. Ananena zimene aliyense pamudzipo akananena. Mazirawo anatha tsiku lomwelo.

Ndinapemphera masiku atatu. Ine ndimakhulupirira kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu, ndi kuti dothi ndi dothi basi. Koma chikhulupiriro changa sichikanachotsa mwambo wa eni mudzi, ndipo ine ndinali pa malo a eni. Kutenga Misozi kupita naye ku Madzimoyo sindikanatha: ndinali ndisanasudzulidwe, iye ndi wa mbumba ya amake, ndiponso kwathuko njala inali yomweyo. Kukhala chete kunali kuonerera. Tsiku lachinayi Tadala anayamwa pang'ono, n'kusiya bere, osalira n'komwe.

Ndinapita dzuwa lili pamutu, nthawi imene anthu amabisala m'makhonde. Ndinavala mapulasitiki a shuga m'manja, n'kuthyola nsonga zanthete zokha, masamba anayi apamwamba, kuti aphukenso. Ndinaika m'thumba la feteleza, pamwamba n'kuphimba ndi udzu ngati wopita nawo kwa mbuzi. Mtumbira wa naPhiri ndinaulambalala osayang'ana.

Kunyumba ndinaphika ndekha. Ndinamufwafwaza m'madzi otentha, kufinya, kudula, kuthira mchere ndi nsinjiro za mtedza wotsala pa mbewu. Madzi oyambawo ndinathira m'kapu.

"Mwamupeza kuti, atate?"

"Kumunsi uko."

Sikunali kunama, pakuti manda alidi kumunsi. Koma ndinadziwa kuti iye akuganiza za kumtsinje, ndipo ndinamusiya aganize choncho. Pa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, mawu awiri amenewa ndiwo ndimapemphererabe chikhululukiro.

Ndinkapita tsiku lachitatu lililonse. M'mimba mutakhala kanthu, mapiritsi anayamba kukhazikika. Sabata yachiwiri Misozi anasesa pabwalo. Sabata yachitatu mkaka unadontha pa bulauzi lake, ndipo Tadala analira mokalipa mpaka naBanda anafuula ali kwawo kuti, "Mwana ameneyo mwamutsina?" Ndinalowa m'bafa la udzu, poti ndi malo okhawo obisika, n'kugwada pamiyala kuthokoza Mulungu.

Malichi

Mapulasitiki sateteza mikono. NaBanda ndiye anayamba kuona zidzolo, tili pamzere wolandira chimanga cha boma, chimene chinafika kamodzi kokha, ndowa imodzi pa banja.

"Amuna anga, ndani akukukwapulani ndi khwisa masiku ano? Mwapeza wina musanasudzulidwe?"

Anthu anaseka. Koma mayi wina kumbuyo anafunsa osaseka, "Khwisa akupezeka kuti chaka chino?"

Aliyense pamzerepo anali pa maliro aja, ndipo anamuona khwisa kumanda.

Patapita masiku awiri, anthu ootcha makala anandibisalira n'kundiona ndikutuluka m'msitu ndi thumba. Sanandigwire. Anangonditsata chapatali mpaka pakhomo, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamudziwa amene anamanga mvula. Ena anawonjeza kuti naPhiri sanafe imfa ya Mulungu. Pachitsime amayi ankachotsa ndowa zawo ine ndikafika. Kutchalitchi benchi imene ndinakhalapo inasanduka yanga ndekha.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene sindinakonzekere ndi Misozi. NaBanda anamuuza, akulira, poganiza kuti akumupulumutsa. Nditalowa ndi mbale, Misozi anatembenukira kukhoma.

"Munandidyetsa amama."

"Ndinakudyetsa masamba, mwana wanga."

"Omera pa amama. Ndipo mwana wanga wayamwa zimenezo. Munati kumunsi."

"Ndinatero."

"Bola mukanandisiya ndife."

Sanakane khwisa yekha. Chilichonse chophikidwa ndi ine, kapena m'miphika yathu, sanachikhudze. NaBanda ankamubweretsera phala la gaga m'kapu, koma nalonso likafika pakhosi linkabwerera. Zinatero masiku asanu ndi atatu. Ndinkakhala pakhonde pa mpando wanga, wosaloledwa kulowa, wosatha kuchoka, ndikumvetsera kulira kwa mwana kukuchepa tsiku ndi tsiku. Thumba la khwisa linafota pansi pa nkhokwe. Kumunda sindinkapitanso, chimanga chinali chitamasula koma osabereka, ndipo mphepo ikaomba chinkalira ngati mapepala.

Tsiku lachisanu ndi chinayi m'mawa Lakisoni anabwera. Sanandipatse moni. Analowa m'nyumba, ndipo ndinamumva akuti, "Bwera naye ndimuone." Anatuluka naye mwanayo pa kuwala, atamunyamula m'manja mwake mwa girisi, n'kusisita paliwombo ndi chala. Panali patalowa ngati kambale. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamubweza kwa amake, n'kutenga lichero limene linali pakhoma.

"Alamu, tiyeni."

"Kuti?"

"Kumunsi kwanu kuja."

Tinadutsa pakati pa mudzi, iye patsogolo, lichero lili m'manja, anthu akuona. Pa mphepete mwa msitu anavula nsapato. Anayenda mpaka pa mtumbira wa mlongo wake, ananjuta, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"NaPhiri, ndine Lakisoni. Sitinabwere ndi maliro. Kumudzi kuja kwauma. Mwana wako akutha, pamodzi ndi mdzukulu wako amene sunamuone. Tabwera kudzapempha ndiwo. Amayi, inunso mwamva. Ngati pali mlandu ukhale pa ine, osati pa ana."

Ine sindiyankhula ndi akufa, ndipo sindinaombe m'manja. Koma sindinachoke. Ndinaima pambuyo pake chipewa chili m'manja, ndikupemphera pemphero langa.

Atatha anagwira khwisa ndi manja osavala kanthu. Analumpha. "Mayo! Ndiwedi mlongo wanga, ukali sunausiye!" Ndinamupatsa pulasitiki imodzi, ndipo tinathyola mpaka lichero linadzaza, iye akudzikanda ndi kung'ung'udza.

Anauza naBanda kuti aphikire pabwalo, poonekera. NaBanda anaphika, nthabwala zonse zitamuthera. Ndiwo zitapsa, Lakisoni anakhala pansi pakhomo pa Misozi, anatapa ndi zala, n'kudya theka la mbale akutafuna mokweza.

"Iwe Misozi, mfiti zakwana ziwiri tsopano pamudzi pano, atate ako ndi ine. Ikusowa yachitatu."

Anaika mbale pafupi ndi chitseko n'kupitiriza.

"Ndakawauza amako. Ndawapempha ine mwini mbumba, masana, ndi pakamwa pangapa. Amako ali moyo, linalipo tsiku limene anakubisira ndiwo?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye ayambe lero?"

Kenako dzanja linatuluka pachitseko n'kukoka mbale.

Masana omwewo Lakisoni anamukweza Misozi panjinga pamodzi ndi mwana mpaka kuchipatala. Anamwino anawasunga masiku anayi, ndipo potuluka anawapatsa ufa wa phala la soya. Sindinganene kuti anawapulumutsa ndi khwisa yekha. Panali mapiritsi, panali phala, panali manja a anamwino. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa masabata amene kunalibe china chilichonse chobiriwira, khwisa analipo, ndipo Misozi anadya. Atabwerako anapitiriza kudya, bola wothyola akhale amalume ake ndipo wophika akhale naBanda.

Mvula inabweranso kumapeto kwa mwezi, chimanga chitafa kale.

Epulo

Mvula yochedwayo inameretsa bonongwe ndi chisoso paliponse, ndipo khwisa anaphukanso kuseri kwa makola. Kumanda sitinapitenso. Koma nkhani sinathe. M'msitu muja simugona a Phiri okha, ndipo mabanja ena anati tinaponda makolo awo ndi kuwaphika mumphika. Anafuna mbuzi ya chipepeso, ndinapereka yotsala ija. Akulu a mpingo anandiitana kawiri. Za ufiti sanakhulupirire, koma anafunsa chifukwa chimene ndinaimirira pamenepo munthu akupempha kwa mizimu. Ndinafotokoza mmene zinalili. Anandiimitsa pa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndinalandira, pakuti nawonso anali ndi anthu ena ofooka mtima oti awaganizire.

Tsiku lina Lakisoni anandipeza ndikukumba mbatata zoonda ngati zala. Anakhala pa mzere, chipewa n'kuika pa bondo.

"Alamu, ndayesa."

"Ndaona."

"Ine sangandichotse, mchombo wanga uli pano. Koma akuti wina achoke kuti mudzi uzizire. Akuti mukapanda kuchoka, mwana wa Misozi sadzasewera ndi ana awo, ndipo Misozi akadzadwala palibe adzamutungira madzi."

"Misozi atsala?"

"Ndi kwawo pano. Munda ndi wake. Ndimuyang'anira ine."

"Ndiye palibe chovuta."

"Mukanakalipako pang'ono, alamu, bwenzi zikundipepukira."

Ndinamupatsa mbatata ziwiri kuti akawotche. Anazilandira ndi manja awiri.

Meyi

Munda wonse unatulutsa madengu asanu ndi limodzi a tizitsononkho ta mano ochepa. Tinakolola masiku awiri, ine ndi Misozi, Tadala atagona pa chitenje pansi pa mtengo. Misozi ankandiyankha mwaulemu koma mwachidule, ndipo mbale yanga ankaitsuka payokha. Sindinamukakamize.

Anandisudzula Loweruka lotsatira. Mwambo wake umafuna thobwa ndi nkhuku, koma chaka chimenecho panali mawu okha. Lakisoni anaima pamaso pa anthu, nati ndinasunga mlongo wake bwino mpaka kumuika, kuti palibe mlandu pakati pathu, ndipo ndine womasuka kubwerera kwathu. Anandipatsa khasu, nkhwangwa, njinga yanga ndi dengu limodzi la chimanga. Dengulo, anthu atabalalika, ndinalibweza m'nkhokwe.

Lolemba m'mawa ndinamanga katundu panjinga. Ndinkaganiza kuti titsazikana pakhomo, koma Misozi anabereka mwana kumbuyo nati andiperekeza. Kuchokera pamudzi kufika pa msewu waukulu ndi ulendo wa ola lathunthu, ndipo pali chitunda. Ndinkakankha njinga pang'onopang'ono, kuyembekezera kuti apempha kupuma. Sanapemphe. Pa chitunda anandipitirira n'kukandidikira pamwamba, Tadala akumenya miyendo ndi kumukoka duku.

Pa msewu anamasula mwana n'kundipatsa. Anali asanandilole kumunyamula kuyambira mu Malichi. Anali wolemera, moti ndinasintha mkono.

"Mukafike bwino, atate. Muzibwera."

"Sangalole, mwana wanga."

"Pamudzi sangalole. Koma msewu uno si wa mbumba ya munthu. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndizibwera naye pano."

Ndi mmene takhala tikuchitira. M'mudzimo sindinalowemonso. Ndimanyamuka ku Madzimoyo kukangocha, ndikafika ndimatsamiritsa njinga pa chikwangwani cha basi, n'kukhala pa mlatho waung'ono wa simenti kuyang'ana njira yochokera kumudzi. Miyezi ina amachedwa, ndipo ndimadikira. Mwezi wathawu mwanayo sanabwere pamsana. Anatulukira pa njirayo ndi miyendo yake, fumbi lili kobo, akufuula kuti agogo, amake akumuthamangira pambuyo kuti asalowe mumsewu.